Mnzathu wa kuntchito akufuna tizimutchula "she", ndipo tikuvulira chipinda chimodzi. Lamulo la ku Britain likuti chiyani?

Funso: Ndine mayi wochokera ku Dedza, ndimagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba kumpoto kwa England, pa viza yomwe abwana anandisainira. Kwabwera mnzathu watsopano amene anabadwa mwamuna koma amakhala ngati mkazi, ndipo ali ndi dzina lachikazi. Manejala watiuza kuti tizimutchula "she", ndipo amasinthira yunifomu m'chipinda chathu cha amayi. Ine ndine Mkhristu, ndimakhulupirira kuti Mulungu analenga mwamuna ndi mkazi, ndipo kuvula iye ali pomwepo kumandivuta. Agogo ena aakazi omwe timawasambitsa anenanso kuti akufuna azisambitsidwa ndi akazi okhaokha. Ndinamva kuti khoti linagamula kuti mkazi ndi wobadwa mkazi. Kodi ndingakane kumutchula "she"? Ndikadandaula sandichotsa ntchito? Viza imeneyi ndiyo ikuphunzitsa ana anga kumudzi.

Yankho: Mayi, mantha anu ndi omveka. Munthu amene viza yake yamangika pa bwana mmodzi salankhula momasuka ngati mnzake wokhala ndi pasipoti ya kuno. Ntchito ikatha, a Home Office, ofesi ya boma yoona za maviza, nthawi zambiri amapereka masiku 60 oti mupeze wina wokusainirani, apo ayi munyamuke. Choncho ndikuyankhani podziwa kuti simukufuna kupambana mtsutso. Mukufuna ntchito isathe, chikumbumtima chisakutsutseni, ndiponso muzivula yunifomu popanda kuyang'ana kukhomo. Zonsezi n'zotheka, bola musazimange pamodzi. Chikhulupiriro chanu lamulo la kuno limachiteteza. Mnzanuyo limamutetezanso. Ndipo nkhani ya chipinda chosinthira zovala si mlandu wa inu ndi iye ayi, ndi ntchito ya abwana anu, amene mpaka pano akuoneka kuti aisiya m'manja mwanu kuti muvutike nayo nokha.

Chigamulo mwamvacho n'chenicheni. Chinaperekedwa pa 16 April 2025 ndi khoti la Supreme ku London, pamlandu womwe bungwe la For Women Scotland linasumira boma la Scotland. Unayambira pa lamulo la Scotland la 2018, lofuna kuti theka la anthu okhala m'mabodi a mabungwe a boma akhale akazi. Mkangano unali pa amene awerengedwe kuti ndi mkazi. Kuno kuli satifiketi yotchedwa Gender Recognition Certificate, yomwe inabwera ndi lamulo la 2004, boma la Britain litagonja kwa Christine Goodwin kukhoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya mu 2002. Munthu wa zaka 18 kapena kuposa apo, amene madokotala amuona ndipo wakhala zaka ziwiri monga mkazi kapena mwamuna, akhoza kuilandira ndi kusinthiridwa chikalata chake chobadwira. Boma la Scotland linkati wokhala ndi satifiketiyi ndi mkazi ngakhale mu Equality Act ya 2010, lamulo loletsa tsankho. Majaji onse asanu anakana. Anati m'lamulo limenelo mkazi ndi wobadwa mkazi, mwamuna ndi wobadwa mwamuna, satifiketi ilipo kapena palibe. Chimodzi mwa zifukwa zawo chinali chakuti ndime zokamba za mimba ndi uchembere sizingamveke mwa njira ina. China chinali chakuti satifiketiyo ndi yachinsinsi, choncho bwana kapena mwini malo sangadziwe amene ali nayo, ndipo lamulo lodalira chinthu chomwe munthu sangachione silingagwire ntchito.

Koma ambiri omwe amatumizirana nkhaniyi pa WhatsApp anaimva theka. Lord Hodge, amene anawerenga chigamulocho, anachenjeza tsiku lomwelo kuti wina asachione ngati gulu lina lagonjetsa linzake. Equality Act imateteza munthu pa zinthu zisanu ndi zinayi, ndipo kusintha kuchoka ku umuna kupita ku ukazi, kapena ku ukazi kupita ku umuna, ndi chimodzi mwa izo, pambali penipeni pa mtundu ndi chipembedzo. Munthu safunika opaleshoni, mankhwala kapena satifiketi kuti atetezedwe. Kungoyamba ulendowo, kapena kunena kuti akufuna kuuyamba, n'kokwanira. Kumuzunza ndi mawu, kumuchititsa manyazi, kapena kumusandutsira malo antchito kukhala owawa, ndi mlandu lero monga unalili chigamulo chisanatuluke. Ndipo pa nkhani ya "he" ndi "she" majajiwo sanalamule chilichonse.

Pa zimenezo tiyenera kuyang'ana milandu ina. Maya Forstater ankagwira ntchito ku bungwe la Centre for Global Development, ndipo kontrakiti yake sinapitirizidwe atalemba pa Twitter kuti munthu sangasinthe kukhala mwamuna kapena mkazi. Anagonja koyamba mu 2019, koma mu June 2021 khoti la apilo la zantchito linati chikhulupiriro chimenecho n'chotetezedwa, ndipo pambuyo pake analandira chipepeso choposa mapaundi 100,000. Kuyambira pamenepo palibe bwana amene angakuchotseni chabe chifukwa mumakhulupirira zomwe mwalembazi. Khoti lomwelo, m'chigamulo chomwecho, linanenetsa kuti zimenezi sizikupereka chilolezo choti munthu azitchula mnzake mwa njira yomwe akukana popanda kufunsidwa mlandu. Kristie Higgs, Mkhristu wogwira ntchito pasukulu ina ku Gloucestershire, anachotsedwa chifukwa cha zomwe analemba pa Facebook yake, ndipo mu February 2025 Court of Appeal inati kumuchotsako kunali kupyola muyeso. Iye sanachitire mwana aliyense nkhanza pasukulupo, anangonena maganizo ake kunja kwa ntchito.

Mlandu womwe ukufanana kwambiri ndi wanu ndi wa David Mackereth, ndipo ndikufuna muumvetse bwino chifukwa iye anagonja. Anali dokotala, Mkhristu, ndipo mu 2018 anapeza ntchito youna anthu odwala ndi olumala ofuna thandizo la boma. Ananeneratu kuti, malinga ndi Genesis 1:27, sangatchule wobadwa mwamuna kuti "she". Mu 2022 khoti la apilo la zantchito linavomereza kuti chikhulupiriro chake n'chotetezedwa, komabe linati olemba ntchito sanalakwe kuumirira kuti anthu obwera kudzathandizidwa azitchulidwa mmene akufunira, poti ambiri mwa iwo anali kale pamavuto. Apa ndi pomwe malire ali. Zomwe zili mumtima mwanu ndi zanu. Zomwe zikutuluka pakamwa panu pa shifiti, bwana ali ndi mphamvu yoziikira malamulo, malinga akhale ndi chifukwa chomveka ndipo asapyole muyeso.

Ndiye yankho langa ndi ili: musalengeze kuti mwakana. Muitaneni ndi dzina lomwe wakuuzani. Polankhula naye maso ndi maso mawu ndi "you", ndipo apo palibe vuto. Vuto limabwera pomunena kwa ena, pa handover kapena polemba manotsi, ndipo nthawi zambiri dzina limakwanira: uje wawasambitsa, uje wapereka mankhwala a 8 koloko. Akhristu ena amanena "she" ndi mtima woyera, poona kuti ndi ulemu wa kuntchito, osati chivomerezo cha chikhulupiriro. Ena chikumbumtima chawo sichilola, ndipo amangogwiritsa ntchito dzina. Njira zonse ziwirizi ndaona zikusunga mtendere. Chomwe chimathetsa ntchito ndi kunena "he" mwadala, mobwerezabwereza, iye akumva, kapena kufufuza dzina lake lakale n'kuyamba kumuitana nalo, kapena kumufunsa za thupi lake ndi opaleshoni. Ngati manejala wanu walemba lamulo loti dzina lokha silikwanira, mufunseni mwaulemu, pa kalata, ngati angakuloleni kugwiritsa ntchito dzina chifukwa cha chipembedzo chanu. Akakana popanda kuganizirako n'komwe, mlandu umayamba kupendekera kwa iye.

Pali chinthu chimodzi chomwe ife olankhula Chichewa tiyenera kuchinena msanga kwa manejala. Kwathu "iye" ndi "iwo" n'zofanana kwa mwamuna ndi mkazi, ndipo ambiri a ife timasakaniza "he" ndi "she" ngakhale tikunena za amayi athu otibala, makamaka tikatopa pa naiti. Mzungu amene sadziwa zimenezi akhoza kuganiza kuti mwachita dala. Muuzeni manejala, muuzeninso mnzanuyo, tsiku lolakwitsa lisanafike. Mukaphonya, konzani pomwepo ndi mawu amodzi n'kupitiriza ntchito. Ofufuza madandaulo amasiyanitsa lilime loterereka ndi mwano, koma amasiyanitsa bwino ngati munachenjeza kale.

Tsopano chipinda chija, pomwe ndikuona kuti muli ndi mfundo yamphamvu kuposa mmene mukuganizira. Ndimazidziwa zipinda zimenezi: kachipinda kopanda zenera kuseri kwa laundry, maloka achitsulo mbali imodzi, benchi imodzi, chitseko chopanda loko chifukwa anthu amalowa ndi kutuluka. Nthawi ya 7:45 m'mawa a naiti akuvula, a masana akuvala, ndipo yunifomu yomwe yagwira mkodzo kapena masanzi simungakwere nayo basi. Mayi amene wasamba mwezi ndipo magazi adutsa pa thalauza amafuna mphindi ziwiri ali yekha kapena ali ndi amayi anzake. Kufuna zimenezi si chidani. Sikunenanso kuti mnzanuyo ndi woopsa, ndipo musalole wina akuikeni mawu amenewo m'kamwa. Kuno kuli malamulo a 1992 a zaumoyo ndi chitetezo pamalo antchito, Workplace Regulations, omwe amati bwana apereke zimbudzi zosiyana za amuna ndi akazi, kupatula ngati chimbudzi chilichonse chili m'chipinda chakechake chokhomeka mkati. Amatinso pomwe antchito ayenera kusintha zovala, malo a amuna ndi a akazi asiyane pofuna kusunga ulemu. Patangopita masiku ochepa chigamulo chitatuluka, bungwe loyang'anira Equality Act, la EHRC, linatulutsa malangizo ongoyembekezera onena kuti obadwa amuna asagwiritse ntchito malo a akazi, komanso kuti anthu a transgender, ndiye kuti obadwa amuna okhala ngati akazi kapena obadwa akazi okhala ngati amuna, asasiyidwe opanda koti n'kupita. Malangizowo anatsutsidwa kwambiri ndipo kenako anachotsedwa pa intaneti poyembekezera ena okhazikika. Makhoti ang'onoang'ono a zantchito agamula mosiyanasiyana kuyambira pamenepo. N'chifukwa chake mabwana ambiri angokhala chete, kudikira kuti wina adandaule.

Mmene mungadandaulire ndi pomwe pagona ntchito yanu. Ku Scotland, namwino Sandie Peggie anakumana ndi dokotala wa transgender m'chipinda chosinthira zovala pachipatala cha Victoria ku Kirkcaldy usiku wa 24 December 2023, ndipo anamuuza pamaso kuti sayenera kukhala mmenemo. Dokotalayo anadandaula, namwino anaimitsidwa ntchito, ndipo chigamulo chinadzatuluka mu December 2025. Khoti linapeza kuti olemba ntchito, NHS Fife, anamuzunza namwinoyo pa mmene anayendetsera nkhaniyo, koma linataya madandaulo ake onse otsutsa dokotala. Zinatenga zaka ziwiri, ndi maloya, ndi manyuzipepala pakhomo. Iye ndi mbadwa ya kuno ndipo anali ndi omuthandiza ndalama. Inu muli ndi masiku 60. Musakambe nkhaniyi ndi mnzanuyo pafupi ndi maloka, musasonkhanitse amayi anzanu kuti mumutsekere chitseko, ndipo musalembe za iye pagulu la WhatsApp la antchito kapena la Amalawi, ngakhale m'Chichewa. Uthenga umajambulidwa n'kumasuliridwa, ndipo ndi umboni wotere umene umamaliza anthu pa disciplinary, msonkhano womwe bwana amaweruzira wantchito woganiziridwa kuti walakwa.

Lembani imelo yaifupi kwa manejala. Musatchule kuti uje ndi mwamuna, musaike mavesi. Nenani kuti ndinu mkazi, kuti ntchito imafuna kuti muzisintha zovala, kuti simumasuka kuvula m'chipinda chomwe mumalowa munthu wobadwa mwamuna, ndipo mukupempha malo osinthira a akazi kapena chipinda chokhomeka cha munthu mmodzi. Onjezerani kuti mulibe dandaulo pa khalidwe la mnzanuyo, ngati ndi zoona, ndiponso kuti mukufuna nayenso akhale ndi malo aulemu. Chiganizo chomalizachi musachione ngati chokongoletsa. Chimasonyeza aliyense wodzawerenga kuti munabwera kudzakonza zinthu. Pafupifupi nyumba iliyonse yosamalira okalamba ili ndi bafa lokhomeka kapena kachipinda kosungiramo katundu komwe kangasandutsidwe, ndipo loko ndi mbedza zopachikira zovala sizidula.

Ndikunena kuti nayenso apeze malo chifukwa ndikufuna muone mbali yake, ngakhale simugwirizana naye. Munthu wovala ngati mkazi, woyankha dzina lachikazi, kumutumiza m'chipinda cha amuna n'kumuika pamaso pa chipongwe, mwinanso nkhonya. Mu February 2023 Brianna Ghey, wa zaka 16, anaphedwa ndi mpeni ndi achinyamata awiri m'paki ku Culcheth pafupi ndi Warrington, ndipo woweruza anati chidani pa anthu a transgender chinali mbali ya zomwe zinachititsa. Mwezi umodzi m'mbuyo mwake, dziko lonse linali litakwiya pomva kuti Isla Bryson, wopezeka wolakwa pogwirira amayi awiri asanayambe kudzitcha mkazi, anayamba wasungidwa kundende ya amayi ya Cornton Vale asanasamutsidwe. Gulu lililonse pa mkanganowu lili ndi nkhani yomwe limaikumbukira, ndipo zonse ndi zoona. Koma mnzanu wa pa shifiti si Bryson, monganso inu simuli achinyamata a ku Culcheth. Ndi munthu wotembenuza agogo maola awiri aliwonse ngati inu, pa malipiro ofanana ndi anu, ndipo mwina naye amalowa m'chipindamo mtima uli m'mwamba.

Za agogo aja n'zosavuta kuposa zonse. Ku England, lamulo nambala 10 mwa malamulo omwe a Care Quality Commission, bungwe loyendera zipatala ndi nyumba zosamalira anthu, amayendera limakamba za ulemu, ndipo malangizo ake amati pa chisamaliro chokhudza thupi, nyumbayo iyesetse ndithu kulemekeza zofuna za munthu pa amene amusamalire, kuphatikizapo kufuna mkazi kapena mwamuna. Gogo wa zaka 88, ali maliseche pampando wa m'bafa, thaulo lili pamiyendo, sangadzuke n'kutuluka. Mawu ake ndiwo chitetezo chake chokha. Ngati anena kuti akufuna akazi okhaokha, lembani mawu awo monga anenera, tsiku ndi nthawi, muuze sinia kapena nesi, ndipo mupemphe kuti zilowe mu care plan, ndondomeko yolembedwa ya chisamaliro chawo. Wokonza rota ndiye azione, osati inu kuima pakhomo. Chenjezo langa ndi limodzi: mawuwo akhale a agogo. Musawafunse mowatsogolera, ndipo musawauze mbiri ya mnzanu. Kuulula kuti munthu ndi transgender kwa okhala m'nyumbamo kapena abale awo kungakuchotsetseni ntchito, ndipo ngati ali ndi satifiketi ija, kuulula zomwe mwazidziwa kudzera pa udindo wanu kukhoza kukhala mlandu wa kupolisi pansi pa ndime 22 ya lamulo la 2004. Dziwaninso kuti tsiku lina mudzasamalira gogo wa transgender, mwina wodwala dementia, ndipo ulemu womwewu udzafunika kwa iye.

Ambiri a ife tinakulira komwe nkhanizi sizikambidwa, kapena zimakambidwa ndi mawu onyoza. Ku Malawi malamulo oletsa kugonana kwa amuna okhaokha akadalipo, chilango chake chimafika zaka 14, ndipo pa 28 June 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana kuwafafaniza pamlandu womwe mmodzi mwa odandaula anali wa transgender. Munthu akatsika ndege ku Manchester kapena ku Heathrow salandira phunziro loti zinthu kuno n'zina, amangopatsidwa fomu yosaina. Nthabwala yomwe pa minibasi ya ku Lilongwe anthu angaseke, kuno imalembedwa mu lipoti. Komatu lamulo lomwe likuteteza mnzanuyo ndi lomwelo lomwe mudzalithamangire tsiku lomwe wachibale wa agogo adzakane kuti munthu wakuda akhudze mayi ake, kapena manejala akadzakuikani pa rota ya Lamulungu lililonse pomwe ena amasinthana. Ndimakhumudwa ndikaona mabwana akusiya magulu awiri ofooka, mayi wa viza ndi munthu wa transgender, kuti alimbirane kachipinda kamodzi, iwo osafuna kugula loko.

Pa funso loti akuchotsani mukadandaula: ndime 27 ya Equality Act imaletsa bwana kulanga munthu chifukwa wadandaula za tsankho ndi mtima woona, ndipo chitetezo chimenechi chimayamba tsiku loyamba la ntchito, sichidikira kuti mukwanitse zaka. Chimakhudzanso anthu a viza. Izi sizitanthauza kuti mabwana oipa kulibe, choncho dzikonzekeretseni. Lowani yuniyoni lero, UNISON, GMB kapena Unite, musanatumize imelo, chifukwa mayuniyoni kawirikawiri sathandiza pa vuto lomwe linayamba munthu asanalowe. Dziwani kuti nawonso ali ndi maganizo awo pa nkhaniyi, ndipo ambiri amaima kwambiri ndi anthu a transgender, komabe muli ndi ufulu woperekezedwa ndi woimira antchito pa msonkhano wa madandaulo kapena wa disciplinary. Pemphani kope la malamulo a kampani okhudza tsankho ndi zipinda zosinthira zovala. Sungani maimelo onse pafoni yanu, koma musatenge chilichonse chokhudza okalamba. Mukaitanidwa ku ofesi, lembani zomwe zanenedwa tsiku lomwelo, ndipo musasaine pepala lomwe simunaliwerenge muli phee.

Zikafika poipa, imbani ku ACAS, bungwe loyanjanitsa mabwana ndi antchito, komwe malangizo ndi aulere, kapena pitani ku Citizens Advice, bungwe lolangiza anthu, ya m'tauni mwanu. Pakadafunda padajiwitsa: nthawi yokasuma za tsankho yakhala miyezi itatu kuchotsapo tsiku limodzi kuchokera pomwe chinthucho chinachitika, ndipo muyenera kuyamba mwadziwitsa ACAS musanapite kukhoti la zantchito. Kudikira kuti dandaulo la mkati mwa kampani lithe sikuimitsa masikuwo. Mukaona kuti maola ayamba kuchepa pa rota pambuyo pa imelo yanu, jambulani rota ya sabata iliyonse, ya kale ndi yatsopano, ndipo muyambe kufunsira mwakachetechete nyumba zina zomwe zili ndi chilolezo chosainira viza.